Apolisi 376 kudikira panja ana akuphedwa mkalasi, ndi mantha kapena chani?

Make_Chiko:
Abale ndithandizeni, dzulo ndaonera kavidiyo pa foni ya alamu anga ka zomwe zinachitika ku Uvalde ku Texas, dziko la America, pa 24 May 2022, usiku wonse osagona. Mnyamata wa zaka 18 analowa ndi mfuti pa pulayimale ya Robb nkupha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Chikundiwawa nchoti apolisi anafika msanga, anachuluka mpaka 376 koma panatha mphindi 77 asanalowe mkalasimo, ana ali mkati akuimba 911 (nambala yoitanira apolisi pangozi) monong'ona, makolo panja akulira kufuna kulowa okha apolisi omwewo nkumawatsekereza. Wanga ali sitandade 4 konkuno ku Salima. Kodi munthu wa yunifolomu mfuti ili m'manja amaopanso imfa chonchi?

Mdala_waku_SengaBay:
Mayi, ine ndinagwirapo usilikali, yunifolomu siichotsa mantha ayi. Chipolopolo chikangodutsa pafupi mtima umagunda ngati ng'oma, kukamwa gwa, zala zimakanika ngakhale kutsegula zipi, maso amangoona pamalo amodzi ndipo mnzako akukuwa pambali pako sumumva. Ku Uvalde oyamba aja anathamangiradi kukalasiko, anawomberedwa nkubwerera, ndipo anadziwa kuti mnyamatayo ali ndi mfuti ya AR-15 yomwe imaboola majekete wamba a apolisi. Tsono kuipa kwa mantha sanena kuti ndine mantha, amabwera ngati nzeru. Tidikire zishango, tidikire makiyi, tidikire abwana. Anasakasaka makiyi pomwe ofufuza akuti chitsekocho mwina sichinakiyidwe nkomwe. Nchifukwa chake pa treningi amakubwerezetsa chinthu chimodzi mpaka kutopa, kuti mutu ukaima miyendo izipita yokha.

Aphiri_Chipoka:
Bwana ndakumvani koma zisakhale zowaikira kumbuyo. Chichitikireni zowombera ana pasukulu ya Columbine mu 1999 apolisi aku America amaphunzitsidwa kuti ukamva mfuti pasukulu usadikire, lowa ngakhale muli ochepa. Pasukulu ina ku Nashville mu 2023 apolisi analowa osazengereza nkumuwombera wamfutiyo, kodi amenewo alibe ana kunyumba? Pasukulu ya ku Parkland mu 2018 wapolisi wapasukulupo Scot Peterson anaima panja, anafa anthu 17, khoti nkudzamupeza wosalakwa. Zimenezo zimandinyansa.

Mdala_waku_SengaBay:
Sindikuikira kumbuyo aphiri, mantha analipo ku Nashville komweko, kungoti panapezeka wonena kuti tiyeni ndipo iye nkutsogola.

Mlongoti77:
Ine za mfuti sindizidziwa koma kuchuluka kuja ndikomwe kunawapweteka. Chaka china mwera utavuta bwato linagudubuka pafupi ndi gombe lathu, tinalipo anthu oposa 30 ambirife odziwa kusambira, tikuona mitu iwiri ikumira nkutulukanso. Aliyense kumangoyang'ana mnzake, ine ndimati alowa achimwene aja poti ndi akatswiri, iwonso amayang'ana ine, miyendo yanga inalemera ngati yakwiriridwa mumchenga. Anadzathamanga ndi kamnyamata kosoka maukonde katanyamula chigubu, ndiye tonse nkutsatira. Mmodzi tinamupulumutsa, winayo anapezeka mawa lake. Mayi ake ndimakumana nawo pamsika mpaka lero ndimalephera kuwayang'ana kumaso.

Make_Chiko:
Pepani achimwene, zowawa zedi. Ine ndikungoganiza za kamtsikana kena ka mkalasi muja ku Uvalde komwe kanaimba foni kambirimbiri kakumva mawu a apolisi panja pa chitseko, kakudikira kuti alowa tsopano.