Za kusungunula mabotolo zija, nazi mmene zikuyendera

Abale, mwezi wathawu ndinafunsa ngati kuno ku Mulanje munthu angaphunzire kusungunula galasi popanda uvuni ya magetsi. Ena munati ndiiwaleko, koma ena munandilozera kwa mayi wina woumba mbiya cha ku Chitakale, amene amaphunzitsa kupanga mikanda yagalasi Loweruka. Zikomo kwambiri, ndinapita ndipo ndikupitabe.

Mayiwa amatsata njira ya Akrobo a ku Ghana yopangira mikanda. Timatsuka mabotolo, kuwaswa, kuwasinja mumtondo wachitsulo mpaka asanduke ufa, kenako n'kusefa. Apa pasakhale chibwana: phimbani mphuno ndi pakamwa, tetezani maso, chifukwa fumbi la galasi limawononga mapapo.

Ufawo timauthira m'timaenje ta chikombole chadothi, chopakidwa dothi loyera kuti mkanda usamatirire. Pakati pa kadzenje kalikonse timaimika kaphesi ka tsamba la chinangwa. Pamoto kaphesiko kamapsa, n'kusiya kabowo kolowetsapo ulusi. Chinangwa chomwechi cha kuseri kwa nyumba! Nditaona mkanda woyamba utatuluka ndi bowo lake loongoka, mtima unangoti myaa.

Uvuni yake ndi yadothi, yosonkhezera nkhuni, ndipo moto umafika pafupifupi madigiri 800.

Achimwene amene munadandaula kuti zagalasi zanu zimang'aluka: musafulumire kuzitulutsa mu uvuni, galasi limafuna kuzizira pang'onopang'ono. Komanso zidutswa za mabotolo osiyana sizifutukuka mofanana zikatentha, ndiye poyamba gwiritsani botolo la mtundu umodzi.

Amene muli ndi mabotolo abuluu, chonde ndisungireni. Obiriwira ndi akhofi ali mbwee, koma abuluu akusowa.