Za matewera ndi madzi zija, ndabweranso

Amayi anzanga, paja ndinafunsa kuti matewera a mwana ndizichapa bwanji poti mjigo wathu kuno ku Ulongue ukungodontha ndi chilalachi. Ndayesa zomwe munandiuza ndipo zikutheka ndithu. Bibi ndimayamba ndamupala ndi kamtengo nkutaya kuchimbudzi, kenako matewerawo ndimaviika mu ndowa yovindikira nkuchapa kamodzi madzulo, osati kangapo ngati kale. Madzi otsukuluzira omaliza ndimasunga, mawa lake ndi omwe ndimaviikira ena, koma oyamba akuda aja amapita kuchimbudzi basi, pamasamba ayi. Dzuwanso likuthandiza kuchotsa fungo. Chigubu cha malita 20 pano chikumandifikitsa masiku awiri. Vuto linali sopo, ndinkachulutsa mpaka mwana anatuluka tizilonda, pano ndachepetsa ndipo tikupola.