Kodi n'zotheka kudziwiratu kuti mwamuna wankhanza adzabwerezanso?

Nabanda: Ndamva kuti akatswiri a maganizo omwe amathandiza apolisi ndi makhoti amatha kuyeza ngati mwamuna amene wamenya mkazi wake angadzachitenso zimenezo. Kodi amagwiritsa ntchito chiyani, ndipo kodi n'zodalirika?

Mbewe: Mayi, ku Ontario m'dziko la Canada apolisi amagwiritsa ntchito ODARA, mndandanda wa mafunso 13, monga ngati mwamunayo anamangidwapo kale, ngati amaledzera mwauchidakwa, ndiponso ngati anamenyapo mkaziyo ali woyembekezera. Mayankho a "inde" akachuluka, chiopsezo chakuti adzabwereza chimakulanso.

Nangozo: Ndiwonjezerepo za Jacquelyn Campbell wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, yemwe anakonza mndandanda wina wa mafunso wotchedwa Danger Assessment pofuna kuzindikira amayi omwe angaphedwe. Kafukufuku wake anasonyeza kuti ngozi imakula mwamuna akakhala ndi mfuti, akakhala kuti anakanyangapo mkazi pakhosi, komanso pa nthawi imene mkaziyo akuchoka m'banjamo, zomwe achibale ambiri saziganizira akamamuuza kuti alongedze katundu.

Mbewe: Zoonadi, koma mafunsowa sanena motsimikiza za munthu mmodzi, amangothandiza apolisi kudziwa woyenera kutetezedwa msanga.