Kachipangizo ka pa inhela kalemba mapafu 46 usiku umodzi, nditani?

Namwino wa kiliniki ya mphumu:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Kuchipatala kwathu kuno ku Blantyre tikuyesa tizipangizo tomangirira pa inhela, tija timalemba tsiku ndi nthawi imene munthu wapopa n'kutumiza ku foni pa Bluetooth. Ndili ndi mnyamata wa zaka 11 wa ku Ndirande. Ali pa beclometasone, inhela ya bulauni yoteteza mphumu ija, mapafu awiri m'mawa, awiri madzulo, ndiye pa masiku 30 ayenera kukwana 120. Lero nditatsegula ndapeza kuti sabata yoyamba ankapopa bwinobwino, kenako zii masiku 22, dzulo usiku mapafu 46 m'mphindi zinayi zokha. Chifuwa chikulira ngati wezulo, ndipo mwezi watha anagonekedwa. Mayi ake akuti saphonya. Ndiuze adokotala akweze mlingo?

Wa ku pharmacy:
Musakweze kaye asisita. Palibe mwana angakoke mapafu 46 m'mphindi zinayi. Amenewo apopera m'mwamba kuti kachitini kapepuke asanabwere kwa inu. Ife tinazolowera ku ART, ena amataya mapilisi mawa lake likakhala tsiku lowerenga. Mukakweza mlingo wa mankhwala amene mwana sakumwa n'komwe, mungowonjezera ongokhala pa windo.

Clinical officer:
Ndikuvomereza, koma masiku 22 aja tisafulumire kuwaika pamutu pa mayiyo. Foni ndi ya ndani? Makomo ambiri foni yaikulu imakhala ya bambo, amachoka nayo m'mamawa kupita ku Limbe, pena yathima chifukwa magetsi kulibe.

Wa data:
Funso labwino achimwene, koma apa foni si vuto. Tizipangizoti timasunga tokha nthawi ya pafu iliyonse, n'kudzatumiza zonse pamodzi tikakumana ndi foni. Bluetooth ikakhala yozimitsa zimangochedwa kufika, sizifufutika. Ndipo poti kalemba 46 adzulowo, batire lili moyo. Asisita, popani kamodzi m'mwamba muone ngati kalemba nthawi yolondola, ndipo funsani ngati sanakachotse pa inhela masiku amenewo. Chinanso musaiwale: kamawerenga kudina basi, sikadziwa ngati mankhwala afika m'mapapo. Zilipo zina zomvera kakokedwe ka mpweya, monga INCA ya ku Ireland imene imajambula phokoso, koma zathuzi si zimenezo. Choncho ngakhale sabata yoyamba ija ikuoneka yokongola, muonetsetse kapopedwe kake ndi maso anu.

Namwino wamkulu:
Mwana wanga, chimene ndikuopa ine ndi mmene mukalankhulire nawo. Mukangowatembenuzira kompyuta n'kunena kuti mayi mwanama, mwezi wamawa simuwaonanso, azikagula inhela ya buluu, salbutamol yotsegula chifuwa ija, ku famase mpaka tsiku lodzabwera naye atanyamula usiku. Kodi pomangirira kachipangizoko munawafotokozera kuti kamalemba ndi ola lomwe? Ngati sanamvetse, vuto layambira kwa ife.

Ine ndimayamba chonchi: "Mayi, mankhwala a tsiku ndi tsiku amavuta aliyense. Ndi masiku ati amene zimakukanikani?" Mukatero amamasuka. Pa zaka zanga zonse zifukwa zimabwerera zomwezomwezo. Ena amati mwana akazolowera inhela sadzaisiya. Ena amati ya bulauni sigwira ntchito, chifukwa akapopa mwana akubanika samva kusintha, pamene ya buluu imatsegula pompopompo. Palibe anawauza momveka kuti ya bulauni imachotsa kutupa kwa njira za mpweya pang'onopang'ono, ndipo imafuna masiku ngakhale masabata. Enanso amaisunga dala, poti sadziwa ngati adzaipeza mwezi wamawa. Ameneyo si wosamvera, akusamala kamene ali nako.

Wa ku pharmacy:
Muwafunsenso kuti ya buluu atha zingati chaka chino, kuphatikiza zogula okha. Salbutamol imodzi ili ndi mapafu 200. Zikafika zitatu pa chaka, mphumuyo sikugonja ndipo chiopsezo chobanika koopsa chimakwera. N'chifukwa chake kuyambira 2019 malangizo a GINA, bungwe la padziko lonse loona za mphumu, anasiya kuvomereza kuti achinyamata ndi akulu azidalira ya buluu yokha. Ngati muli ndi kachipangizo kotsala, kaikeni pa ya buluuyo, tione ngati akudzuka nayo usiku, makamaka pano kwayamba chiperoni ndipo mbaula zalowa m'nyumba. Zoika kachitini m'madzi kuti aone ngati katha muwaletse, njira imeneyo imanamiza, ndipo inhela imatha kufwentherabe mankhwala atatha kale.

Namwino wa kiliniki ya mphumu:
Ndabwerera anzanga. Ndayesa kachipangizo, kali bwino. Ndinakhala pansi ndi mayi a mwanayo monga munanenera anamwino aakulu. Poyamba anangoti duu, kenako anandiuza kuti agogo a mwanayo ndi amene anailanda ya bulauni n'kuibisa m'sutikesi, akuti mdzukulu wawo asamwe mankhwala tsiku lililonse ngati wodwalika. Mapafu 46 aja anapopa ndi mnyamatayo, kuseri kwa bafa, kuopa kuti amayi ake akalipiridwa kuchipatala. Mtima unandiwawa.

Nditamuuza kuti andionetse mmene amapopera, ndaona kuti amadina kaye, kukoka pambuyo, utsi wonse kutulukira m'mbali mwa kamwa. Spacer, kachubu koika pakati pa inhela ndi kamwa, tinalibe, ndiye tapanga ya botolo lapulasitiki la 500 ml, kuboola kumatako kwake monga anayesera madokotala a ana ku Cape Town. Pafu imodzi, kupuma kanayi kapena kasanu m'botolomo, kenako inayo, akamaliza achukuche m'kamwa. Mlingo adokotala sanausinthe. Ya buluu akuti ino ndi yachinayi chiyambire Januwale, ndipo ndaimangirira kachipangizo kachiwiri. Abweranso pakatha masabata awiri, ndipo mayiyo avomera kudzabwera ndi agogo.

Namwino wamkulu:
Tsiku limenelo mundiitane, agogowo ndidzacheza nawo ndine. Muwaike oyambirira m'mawa, asatope pa mzere.