Malo otchipa kunja kwa Upington: ndiyambe nyumba kapena mjigo?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali malo otchipa kumpoto kwa Upington, ku Northern Cape m'dziko la South Africa, kutali ndi mtsinje wa Orange. Kulibe magetsi, kulibe mpopi. Tilipo anthu 4 ndipo ndalama ingokwana chimodzi, nyumba kapena mjigo. Wogulitsa akuti madzi a padenga adzatikwanira. Zoona?

Bambo a Tadala: Akukunamizani achimwene. Kumeneko mvula siifika bwino mamilimita 200 pachaka. Milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ya malata imapereka lita imodzi, ndiye denga la masikweya mita 100 silingapose malita 20,000, ndipo ena amatayika mukamatsuka fumbi la padenga. Anthu 4, aliyense malita 50 patsiku, mufunika malita 73,000 pachaka. Mjigo choyamba. Musanalipire kalikonse, funsani oyandikana nawo malowo kuti anakumba mamita angati, ndipo mjigo wawo umatulutsa malita angati pa ola.

Mayi Nabanda: Kupeza madzi si kupeza akumwa. Ambiri apansi ku chipululu cha Kalahari, komwe kuli malowo, ndi amchere, ena ali ndi nitrate wochuluka (mtundu wina wa mchere wosungunuka m'madzi). Tumizani botolo ku labotale akayeze motsatira SANS 241, muyezo wa madzi akumwa ku South Africa: mchere wonse usapose mamiligalamu 1,200 pa lita, fluoride (mchere wina wa m'madzi) asapose 1.5. Nitrate ndi woopsa kwa makanda, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa, kumangomukhuthalitsa. Makina osefa madzi a reverse osmosis amamuchotsa, koma amataya madzi ambiri ndipo amadya magetsi a sola. Madzi amchere musakandire konkire ya zitsulo, zimachita dzimbiri mkati n'kung'amba konkireyo.

Amisiri Phiri: Kumbani dzenje loyesera musanajambule pulani. Pansi pa mchenga nthawi zambiri pamakhala mwala woyera wa calcrete. Maziko amakhala bwino pamenepo, koma piki imabwerera, ndipo dzenje la madzi a kuchimbudzi silimwa. Thirani madzi m'dzenjemo muone ngati akuphwa. Khwawa louma musamangepo ngakhale lili losalala, mvula yamkuntho imodzi imalidzaza.

Mazenera aakulu ayang'ane kumpoto, denga litulukire kunja kuti dzuwa la Januwale lisalowe koma la Julayi lilowe. Kumadzulo ikani kazenera kakang'ono kapena osaika. Konkire thirani m'bandakucha, phimbani ndi pulasitiki, ikhale yonyowa masiku 7, apo ayi imauma isanalimbe.

Bambo a Tadala: Tisaiwale chisanu. Usiku wa Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana m'mapaipi, ndiye akwirireni. Batire la lithium silifuna kutchajidwa kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 0, likhale m'nyumba. Mapanelo a sola ayang'ane kumpoto, apendeke madigiri pafupifupi 28.

Mayi Nabanda: Chinanso, kutchipako kukukayikitsa. Malo aulimi sagawidwa popanda chilolezo cha boma, lamulo lake ndi la 1970. Onani ngati kagawo kanuko kali ndi title deed (chikalata cha umwini wa malo) yakeyake, komanso ngati njira yodutsa m'famu ya mnzanu inalembedwamo.