Mdzukulu wanga wakwera kasitima ka matabwa ka 1932 kunyanja yamchere: ndiwaletse?

Kalipentala_Bangula walemba:

Abale anga a m'chigwa muno, ndi inu amene muli kunja, ndithandizeni maganizo. Nkhani iyi yandisowetsa tulo chiyambire Loweruka.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, mumzinda wa Norwich. Pa tsiku lopuma iye ndi mwamuna wake anatenga mnyamata wawo, mdzukulu wanga wa zaka 11, n'kupita naye kunyanja yamchere, ku tauni yotchedwa Great Yarmouth, kumalo a masewero amene amati Pleasure Beach. Madzulo ake ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Ndinakaonera mobwerezabwereza ndili pakhonde, mpaka foni inatha moto.

M'kavidiyomo muli kasitima ka mabogi atatu, kopanda denga, kakukwera pang'onopang'ono pa njanji yokwezeka ngati mlambe waukulu. Kakafika pamwamba kakutsetsereka ngati mwala wogwa paphiri, anthu onse n'kumakuwa. Mdzukulu wanga wakhala ndi bambo ake, wakweza manja m'mwamba, osagwira paliponse. Mayi ake, amene anatsala pansi akujambula chifukwa ndi woyembekezera, analemba kuti, "Ababa, chimenechi ndi cha matabwa ngati ntchito yanu, ndipo chinatsegulidwa mu 1932." Ankaganiza kuti ndikondwa. Ine mtima unangoti myuu.

Ndapala matabwa zaka zoposa 30 ndipo ndikudziwa chimene nthawi imachita ndi mtengo. Phaso la bulugamu kuno likakhala osalipaka mankhwala, chiswe chimalidya m'kati, kunja likuoneka bwinobwino. Nsanamira ya tsanya imapirira, koma nayonso pamene yakhudza dothi imatha. Msomali ukakhala pa chinyezi umachita dzimbiri, bowo lake n'kukula, thabwa n'kuyamba kugwedera. Nanga m'mphepete mwa madzi amchere, kumene ndimamva kuti mphepo yokha imadya chitsulo? Matabwa a 1932 ndi aakulu kuposa malemu bambo anga.

Komanso sindinaone injini. Sitima ija inkafika kuno njanji isanaduke ku Chiromo inali ndi mutu wokoka. Nanga aka kakuyenda ndi chiyani? Ndaonanso munthu mmodzi wakhala payekha pakati pa mabogi, wagwira chitsulo chachitali ndi manja awiri. Akutani ameneyo?

Ndikufunsa chifukwa mayi a kunyumba akupita komweko mu August kukathandiza mwana wathuyo akachira, ndipo mdzukuluyu wawalonjeza kale agogo ake kuti akawakweza. Iwo amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku. Ndiwaletse onse awiri, kapena ndi mantha chabe a munthu amene sanazionepo?


Mphunzitsi_Nchalo walemba:

Bambo, ine sindinakwerepo, koma za kayendedwe kake ndimaphunzitsa ana a Fomu 3, ndiye ndiyankhe mbali imeneyo.

Mwaona bwino, kasitimako kalibe injini. Mota ili pansi, ndipo imazungulitsa tcheni chimene chimakoka mabogi kukwera phiri loyamba lokha. Akafika pamwamba, tcheni chimawasiya. Kuchokera pamenepo mpaka kubwerera pasiteshoni, chowayendetsa ndi kulemera kwawo basi. Ganizani za njinga imene yakankhidwa kukwera mapiri a Chikwawa popita ku Blantyre. Thukuta lonse lija silinapite pachabe, lasungika m'kutalika kwa phiri, ndipo pobwerera njingayo imatsika mpaka pa Thabwa mwini wake osapalasa ngakhale kamodzi. Kasitimako kakatsika, liwiro limene kapeza limakakweza phiri lachiwiri, kenaka lachitatu. Muonerenso kavidiyoko: palibe phiri lotalika kuposa loyamba lija, chifukwa mateyala ndi mphepo zimaba mphamvu pang'onopang'ono m'njira monsemo.

Tsopano za munthu wa chitsulo uja. Ma roller coaster (ndilo dzina la timasitima totere) a masiku ano ali ndi mateyala a mitundu itatu: ena pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena pansi pa njanji. A pansiwo ndi amene amagwira bogi kuti isanyamuke ikamadutsa pansonga mothamanga. Nzeru imeneyi inalembetsedwa mu 1919 ndi John Miller wa ku America. Koma panali mtundu wakale, umene amautcha scenic railway, wopanda mateyala a pansiwo, ndipo ka ku Great Yarmouth ndi ka mtundu umenewo. Ndiye pamafunika munthu woti azichepetsa liwiro ndi dzanja pamene pakufunika, n'kudzaimitsa pasiteshoni. Chitsulo mwaonacho ndi mabuleki. Totsala totere pa dziko lonse ndi towerengeka. Ndikudziwa ka ku Melbourne ku Australia ka 1912, ndi ka ku Tivoli mumzinda wa Copenhagen ka 1914, ndipo konseko wa mabuleki amakwera limodzi ndi anthu.

Kukuwa kuja ndi kwa m'mimba. Bogi ikayamba kugwa, mpando umasiya kukukankhani mwamphamvu, thupi n'kumva ngati latsala m'mwamba. Ndi zomwe zija mumamva minibasi ikadumpha kamtunda mothamanga.


WaKabaza_Thabwa walemba:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma chitsanzo chawo cha njinga ndi chimene chandiopsa ine. Mapiri amenewo ndimatsika ine. Chaka chatha waya wa buleki yakumbuyo unaduka ndili pakati pa makhona, ndanyamula matumba awiri a chimanga. Ndinapondereza teyala ndi nsapato mpaka mphira kununkha, ndipo ndinakaimira m'ngalande, bondo litang'ambika. Chipsera chilipo mpaka lero. Ndiye mukandiuza kuti moyo wa anthu odzaza mabogi atatu uli m'manja mwa munthu mmodzi ndi chitsulo chake, ine sindingavomere. Munthu amatopa, amaodzera, amayambana ndi akazi ake m'mawa. Madala, mdzukulu ndi wanu, muli ndi mawu. Agogo asakwere, mwananso amusiye aziseweretsa mchenga.


MwanaWaNsanje_Norwich walemba:

Ababa a ku Bangula, ndakumvani, ndipo ndalemba nditangoweruka ntchito ya usiku chifukwa kasitima kameneko ndakwerapo katatu. Kwathu ndi ku Tengani, kuno ndakhala zaka zinayi.

Kuchokera ku Norwich ndi ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono pa sitima. Malowo si aakulu, mukhoza kuwazungulira onse musanatope. Ali m'mphepete penipeni mwa mchenga, kumapeto kwa msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo kasitimako ndi kamene kamaonekera patali. Dzina lake alibe nalo ntchito yambiri, amangoti Roller Coaster. Kunja kwake anakuta ndi zophimba zopenta, ndiye mitanda ndi nsanamira mumaziona bwino mukalowa m'kati.

Tsiku loyamba ndinali ndi mantha ngati anuwa. Ndinaima pamzere ndikuyang'ana wa mabuleki. Kasitima katalowa pasiteshoni, anakoka chitsulo chija pang'onopang'ono, thupi lonse litapendekera kumbuyo, ndipo mabogi anaima pamalo pake ndendende, ngati mmene wopalasa bwato pa Shire amafikira padoko osagunda gombe. Anatsika, n'kuyenda mpando ndi mpando kuyesa ngati chotchinga pamiyendo chatsekeka. Mwana wina wamfupi anamubweza, chifukwa pakhomo pali muyezo wa msinkhu ndipo sanafikepo. Mwanayo analira, bambo ake anachonderera, koma sizinatheke. Pamenepo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Pokwera phiri loyamba mumamva matabwa akulira pansi panu, kwe kwe kwe, ndipo fungo la girisi limakupezani. Pamwamba, mamita pafupifupi 21, zonse zimakhala ngati zaima kaye. Kumanja madenga a tauni, kwinaku nyanja yotuwa yopanda tsidya, ndi makina aatali opangira magetsi a mphepo ataima m'madzi momwemo, mapiko awo akuzungulira. Ine mwana wobadwira m'chigwa chosalala, amene madzi aakulu ndinkawadziwa ndi a kusefukira okha, ndinaiwala mantha kwa kanthawi. Kenaka kutsogolo kunasowa njanji. Ndinakuwa m'Chisena, ndinaitana amayi anga, misozi ikutuluka chifukwa cha mphepo yozizira. Pamene kathamanga kwambiri kamapitirira pang'ono makilomita 70 pa ola, liwiro limene minibasi ya ku Nsanje imadutsa tsiku lililonse, koma popanda denga ndi galasi limamveka kawiri. Njanji yonse ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo mphindi zitatu zikangokwana mwabwerera. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, n'kukaimanso pamzere.

Achimwene a kabaza, pepani ndi bondo lanu, ndipo mantha anu ndi omveka. Koma taganizani izi: wa mabulekiyo sali pansi kuonerera, wakhala m'bogi momwemo, ndipo chimene chingagwere okwera chimugweranso iye. Njira yake ndi imodzimodzi tsiku lonse, palibe lole yobwera kutsogolo, palibe mbuzi yodumpha msewu, palibe katundu wopitirira muyezo. Ndinakhala kumbuyo kwake ulendo wachitatu n'kumaona manja ake. Sayembekeza kuti kathamange kaye, amagwiriratu asanafike pansonga ndi pakhona, n'kumasula.

Za matabwa, ababa, apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino. Chaka cha 1932 ndi cha kutsegulidwa kwake, osati cha thabwa lililonse limene lilipo lero. Malowa amatseka nyengo yozizira, ndipo miyezi imeneyo ndi ya amisiri ngati inu, kuchotsa chowola n'kuika chatsopano, chigawo ndi chigawo. Zoseweretsa zoterezi kuno zimayenderedwa chaka ndi chaka ndi oyeza ochokera kunja kwa kampani, ndipo m'mawa amayamba ayendetsa mabogi opanda anthu asanatsegule. Chiswe chathu chija kuno kulibe, mdani wawo ndi mvula ndi mchere, ndipo amamudziwa. Boma linakaikanso pa mndandanda wa zomanga zakale zotetezedwa, moti sangangokagwetsa kapena kukasintha mwachisawawa.

Koma pa agogo ndikugwirizana ndi a kabaza. Pakhomo pa zokwera zothamanga pamakhala chikwangwani chochenjeza a matenda a mtima, a BP, a msana ndi amayi oyembekezera. Ine ndimasamalira okalamba, ndipo sindingawakweze amayi anga a BP popanda dokotala kuvomereza. Kasitimako kamagwedeza ndithu, makamaka mpando wakumbuyo. Pali zina zofatsa zoti agogo ndi mdzukulu akondwere limodzi. M'paki momwemo muli kena kooneka ngati mbozi yobiriwira kodutsa m'kati mwa apozi wamkulu, ka ana. Chakumtunda kwa msewu womwewo, pafupi ndi mlatho wolowa m'nyanja wotchedwa Britannia Pier, kuli kapaki kena kakang'ono kotchedwa Joyland, ka 1949, komwe anthu amakwera nkhono zopenta zoyenda pa timitunda ting'onoting'ono. Kumeneko ndinaonako agogo a imvi zokhazokha atakwera ndi zidzukulu zawo. Ngakhale zimenezo, ayambe awerenga chikwangwani.

Muwauzenso atenge juzi yochindikala. August kuno ndi chilimwe, koma mphepo ya kunyanja kwa munthu wozolowera kutentha kwa ku Bangula ndi chisanu chenicheni. Ndipo akagula tchipisi azibisa, mbalame zoyera za kunyanja zimalanda m'manja.


Kalipentala_Bangula walemba:

Takhuta nonse. Aphunzitsi, ndaoneranso kavidiyo kaja ndipo ndi zoona, mapiri otsatirawo ndi aafupi. Achimwene a pa Thabwa, sindikunyozani, ndadutsapo pa makhona amenewo ndipo ndikudziwa chimene munaona.

Mwanawe wa ku Tengani, mawu ako a kuchotsa chowola n'kuika chatsopano ndi amene andifika pamtima, chifukwa ndi ntchito imene ndimaidziwa. Pali denga la tchalitchi china kuno limene ndakhala ndikulisamalira kuyambira ndili wophunzira ntchito. Anthu amati ndi denga lakale lomwe lija, koma ine ndikudziwa kuti mapaso ambiri ndinasintha ndi manja angawa, limodzi limodzi, ndipo Freddy atadutsa mu 2023 linatsala chilili. Ndinalakwa kuwerengera zaka za matabwa osafunsa za amisiri ake.

Mdzukulu sindimuletsa, koma ndamuuza pafoni usiku wathawu kuti manja azigwira chitsulo cha kutsogolo, zokweza m'mwamba zija ayi. Wavomera, ngakhale ndinamva kuti sanakondwe. Mayi a kunyumba akapita kuchipatala kukatenga mankhwala mwezi uno akafunsa adokotala, ndipo pakadali pano tagwirizana za nkhono zija.

Ndili ndi pempho limodzi. Ukadzapitanso, undijambulire pafupi pamene mtanda wakumana ndi nsanamira, ndi pansi pamene nsanamirayo yakhala. Ndikufuna ndione ngati amanga ndi mabawuti kapena misomali, ndiponso chimene aika pakati pa mtengo ndi nthaka.