Za oyilo wodontha pa Bedford ija

Abale, paja ndinafunsa za Bedford yanga yakale ya asilikali, yomwe inkadontha oyilo pomwe fyuluta imagwirana ndi injini. Ambiri munati ndisinthe gasiketi (chotsekera mpata kuti oyilo asatuluke) ya adaputa, chitsulo cholumikiza fyuluta ku injini. Sinali imeneyo ayi.

Tinatsuka ponse ndi parafini, kuwazapo ufa, n'kuliza injini. Ufa unayamba kuda pamlomo pa chitini cha fyuluta. Mukangalande kake munali mphete ziwiri za labala: yakale itauma gwa, yatsopano itangosanjikidwa pamwamba. Ndinazikolopola ndi kawaya, kuika imodzi yopaka oyilo, n'kumanga bawuti wapakati mosapyola muyeso, poti kumangitsa kumangofinya labala.

Dzulo yasenza chimanga kuchoka ku Katete mpaka ku Chipata, osadontha m'pang'ono pomwe. Muziyang'ananso switchi ya oyilo (kachipangizo koyatsa nyali yochenjeza za oyilo), nayonso ikamadontha imanamiza anthu kuti vuto ndi fyuluta.